Ndevu pa Msana wa Fisi

Lolemba, 6 Okutobala

Andigoneka. Wadi ya amuna, bedi la pafupi ndi zenera losatseguka. Ndauza mlongo wanga wamkulu, Winnie, kuti andigulire kope, chifukwa mutu wayamba kutaya zinthu ndipo sindikufuna kumauzidwa ndi anthu ena zimene zandichitikira.

Amene ndimati malungo sanali malungo. Andibaya chala, aika magazi pagalasi, kenako dokotala wabwera yekha kudzandiuza kuti ndi kaodzera. Wayamba kufotokoza pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mbuzi, kuti kashembe akaluma munthu amasiya tizirombo m'magazi. Ndamuuza kuti tizirombo timeneto ndinationa ndi maso anga iye asanamalize sekondale. Ndinaphunzira za matenda a nyama ku yunivesite, ndinasiya chaka chachitatu. Iye wangoti, "Ndiye mukudziwa kuti wosiya mankhwala pakati amafa." Zimenezo ndikuzidziwa.

Kashembeyo anandiluma ku Lupande mwezi watha, ndikulemba zikwangwani za kampu ina ya alendo odzaona nyama. Ndiyo ntchito yanga masiku ano, kulemba mayina a malo a anthu ena. Chilonda chikadali paphewa.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Atenga madzi a kumsana. Ndinapinda ngati chiwala, singano n'kulowa. Tizirombo sitinafike ku ubongo. Andiyambitsa mapiritsi atatu kamodzi patsiku, nditangodya, kwa masiku anayi, kenako awiriawiri mpaka akwane masiku khumi. Mutu ukuwawa. Kutentha kwa Okutobala kwalowa m'wadi, fani ndi imodzi ndipo imazungulira ngati yatopa nafe.

Lachitatu, 8 Okutobala

Bedi la kumanja kwanga kuli a Sunday Mbewe, msodzi wachikulire wochokera kumidzi ya ku Lupande. Matenda athu ndi amodzi, koma awo afika kumutu. Amagona ali ndi chakudya m'kamwa. Mapiritsi akusanza, ndiye lero awayambitsa jakisoni wa mumtsempha, tsiku lililonse kwa masiku khumi. Akuti amawotcha. Dokotala wauza akazi awo, amayi Delia, kuti mankhwalawa ndi aukali, ena amakomoka nawo, koma popanda iwo palibe njira ina.

Amayi Delia amagona pamphasa pansi pa bedi la amuna awo. Salankhula kwambiri. Wolankhula ndi a Boyd, ang'ono awo a a Sunday, amene abwera panjinga masana. Aimirira kumiyendo kwa bedi, manja m'chiuno.

"Alamu, munthuyu tikumutayitsa nthawi. Tonse kashembe amatiluma, bwanji wagwa yekha? Izi n'zakumudzi. Timutenge."

"Tiyeni tione kaye jakisoniyu," atero amayi Delia.

Ndalowerera. Ndati akamutenga, akagulirenso misomali ya bokosi panjira. A Boyd andiyang'ana n'kufunsa nesi kuti uyu ndani. Sista Gladys ati, "Ndi a Yunivesite amenewo, musawasamale, akudwala." Dzinalo landikakamira, wadi yonse ikundiitana choncho.

Lachinayi, 9 Okutobala

Winnie wabwera kuchokera ku Mfuwe, kumene amayala mabedi palodji. Wandibweretsera mpunga, nsomba yokazinga, ndi bokosi limene mlendo wina anasiya m'chipinda. Mlendoyo analitsegula koma sanapange kanthu, ndipo a palodji atamulembera anati aliyense atenge.

Pachivindikiro pali chithunzi cha fisi, koma osati wa m'tchire. Uyu wafa kale ndipo akuyendabe. Nthiti zili pamtunda, tsaya limodzi lang'ambika mpaka kukhutu, phazi lakutsogolo lapondereza chigaza cha nyama ina. M'kati muli tizidutswa ta pulasitiki totuwa tolumikizana ndi timitengo, timabotolo ta penti, maburashi awiri, guluu, ndi pepala la zithunzi zosonyeza chimene chimalowa pati.

"Iwe Maybin, ndaona kuti n'zopenta, ndakumbuka iwe," watero Winnie. "Koma ndikanayang'anitsitsa chithunzicho ndikanachisiya. Uchibise."

"Ndibise chidole?"

"Uli m'chipatala cha kwathu, si ku Lusaka kuno. Fisi amamukwera ndani?"

Ndamuuza kuti ngati mfiti za kuno zayamba kukwera pulasitiki ya kunja ndiye chitukuko chafika. Sanaseke.

Chinthu chimodzi chikusowa. Papepala akuonetsa kathumba ka ubweya womata pakhosi ndi pamsana, koma m'bokosi mulibe.

Lachisanu, 10 Okutobala

Mapiritsi atatu. Nseru. Manja akunjenjemera, dokotala akuti ndi mankhwala, zidzatha. Sindikukhulupirira mawu a munthu amene sadyera manja ake, ndiye ndayamba fisi kuti ndidzionere ndekha.

Ndadula tizidutswa ndi chowengera zikhadabo. Chilichonse chili ndi kamzere kotsala pamene chinaumbidwa, ndakapala ndi lezala mpaka chala chisamve kanthu. Ndimayamba ndayesa popanda guluu, zikagwirizana ndiye ndimamata. Mbali ziwiri za thupi, miyendo inayi, nthiti chimodzichimodzi. Amene anaumba chinthuchi anaonapo fisi weniweni, chifukwa mapewa ndi okwera, chiuno chotsika, khosi lalikulu. Nthiti zokha ndi zimene wachepetsa.

Mkulu wa bedi la pakhomo, wothyoka mwendo, watumiza mkazi wake kudzaona. Waima patali, wabwerera, anong'onezana. Pofika madzulo aliyense wodutsa amayenda chokhota pa bedi langa.

A Sunday alandira jakisoni wachitatu. Anadzuka pang'ono, anandiyang'ana ine ndi fisi wanga, anati, "Mwaswera bwanji, aphunzitsi?" Ndisanayankhe anali atagonanso.

Loweruka, 11 Okutobala

Ayamba kundipatsa awiri. Ndasanza m'mawa, koma nthawi inali itapita, Sista akuti mankhwala anali atalowa kale. Chibwano cha fisi chinandigwa m'manja katatu. Ndachisiya.

Lamlungu, 12 Okutobala

Amayi a mpingo abwera ndi nyimbo ndi nthochi. Apempherera bedi lililonse. Atafika pa langa pemphero linatalika, ndipo linali ndi mawu akuti ntchito za mdima. Nthochi ndalandira.

Chibwano chagwira. Ndapaka penti yoyamba, yotuwa, yopyapyala kuti isakwirire makwinya a chikopa. Pakabati ka pambali pa bedi sipakwana zonse, ndiye kapu yanga yomwera ndiyo yotsukiramo burashi.

Masana amayi Delia ameta amuna awo. Ndevu za a Sunday zinakula, zakudya zimakakamiramo. Anabwereka sizasi kwa Sista, anayala chitenje pachifuwa cha mkuluyo, n'kumadula mosamala. Atatha anapinda chitenje, anagwada pansi kutola kalikonse kamene kanagwa, anamanga pamfundo n'kupita nazo kunja. Ndinawafunsa ngati akukagulitsa. Anati, "Tsitsi la munthu silitayidwa poyera," n'kutuluka.

Sanatole zonse. Fani inaulutsa kamtolo kamodzi, kanakodwa pa silipasi yanga. Ndevu za imvi zosakanikirana ndi zakuda, zolimba ngati waya. Ndaziyang'ana, ndayang'ana msana wa fisi wopanda ubweya. Ndazisunga m'chivindikiro cha bokosi.

Lolemba, 13 Okutobala

Lero ndili ndi mphamvu, ndagwira ntchito tsiku lonse.

Thupi ndapaka chikasu chodetsedwa, ngati udzu wa mwezi uno. Mawanga ndadontheza ndi nsonga ya burashi, osafanana kukula. Kenako ndasungunula penti yakuda ndi madzi ambiri, ndathira thupi lonse kuti ilowe m'ming'alu ndi pakati pa nthiti, pamwamba ndapukuta ndi thonje. Itauma ndatenga burashi yaikulu, ndainyika mu yoyera, ndaipukuta papepala mpaka kutsala ngati fumbi, ndiye ndapititsa pamafupa mopepuka. Nthiti zinatuluka zokha. Nyama ya patsaya long'ambika si yofiira ngati pachithunzi. Nyama yakufa imadera, ndinasakaniza yofiira ndi yobiriwira pang'ono. Maso ndasiya oyera ngati a nsomba yophika, ndadonthezapo penti ya zikhadabo yosaoneka mtundu imene Winnie anaiwala, kuti anyezimire.

Pomaliza ndevu. Ndinazigawa timagulu, kadontho ka guluu wolimba uja, n'kuimika kagulu kalikonse kuyambira pakati pa makutu mpaka pakati pa msana. Manja anagwira. Kwa nthawi yoyamba chidwalire, burashi inapita kumene ndinaituma.

Sindinapentepo chinthu chabwino chonchi. Zikwangwani zanga zonse kuyambira kwathu ku Jumbe mpaka ku Mfuwe sizingafanane nacho. Chikuopsa ndithu. Sista Gladys anachiona anati, "A Yunivesite, tembenuzani chiyang'ane kukhoma, ena amakana kudya." Sindinatembenuze.

Lachiwiri, 14 Okutobala

A Sunday akomoka m'mawa atangolandira jakisoni. Thupi lonse kugwedezeka, thovu kukamwa, bedi kulira. Dokotala ndi manesi awiri anathamanga, anatchinga ndi nsalu. Awaika diripi ndi mankhwala ena ochepetsa kutupa m'mutu. Jakisoni ayimitsa kaye. Dokotala akuti akatsitsimuka adzapitiriza, ndipo asasunthidwe.

A Sunday sakuyankha. Amayi Delia akhala pampando tsiku lonse, dzanja pamwendo wa amuna awo. Sanadye.

Sindinakhudze penti.

Lachitatu, 15 Okutobala

Ndinapita kukasamba. Pobwera ndinapeza amayi Delia ataima pa kabati kanga, atawerama, manja kumbuyo kuti asakhudze. Sanatembenuke.

"Izi ndi ndevu za amuna anga."

Ndinati zinali pansi, zinyalala.

"Munandiona ndikutola. Munandiseka."

Ndinayamba kuwafotokozera za mankhwala, kuti dokotala ananeneratu tsiku loyamba kuti ena amakomoka. Ndinafotokoza bwino, monga ndimachitira. Iwo anandilola kumaliza, ndiye anati, "Lolemba mwamata. Lachiwiri agwa." Anatenga foni n'kutuluka.

A Boyd afika dzuwa likupendeka. Sanakuwe, zimene zinandiopsa kuposa kukuwa. Anayang'ana fisi nthawi yaitali, kenako anauza amayi Delia kuti apeza galimoto ya mkulu wina wogulitsa makala, ibwera mawa masana. Dokotala anawaitana, anawauza poyera kuti akamutulutsa munthuyu sadzafika Khirisimasi, mwina ngakhale kumapeto kwa mwezi. A Boyd anati, "Mwamva inu nomwe, alamu. Akuti kuno n'kotetezeka, koma womudya ali pabedi loyandikana."

Sista Gladys anabwera ndi mapiritsi anga madzulo ngakhale ndinamwa kale m'mawa, anangofuna chifukwa choimira pamenepo.

"Amayiwa ndi amene amaletsa kuti mkuluyu asatengedwe," anatero motsitsa. "Sabata yonse akulimbana ndi achibale okhaokha. Inu mwawalanda mawu."

"Ndi pulasitiki, Sista."

"Ine ndikudziwa. Ine si amene ndikumanga mphasa."

Ndinati tichitaye m'dzala basi. Anandiyang'ana ngati ndine mwana. "Ndi ndevu zake zili pomwepo? Mukufuna azikafukula m'zinyalala za chipatala?"

Winnie wamva kale ku Mfuwe, sindikudziwa kudzera kwa ndani. Pafoni wangoti, "Ndinakuuza," n'kudula.

Ndikulemba izi ndili wokwiya, koma sindikupeza woti ndimukwiyire amene angakwane.

Lachinayi, 16 Okutobala

Mapiritsi awiri omaliza.

M'mawa amayi Delia anapinda mphasa, anamanga mapoto m'chitenje, anakhala pampando kudikira galimoto. A Sunday akupuma bwino koma sanatsegule maso. A Boyd anali panja kufunafuna woti asainitse pepala lotulukira.

Ndinatenga fisi, lezala ndi mbale yanga, ndinakhala m'mphepete mwa bedi moyang'anana nawo. Ndinati, "Amayi, ndikubwezerani zonse, inu mukuona."

Sanayang'ane kumbali.

Guluu uja salola. Ndevu sizizuka, zimaduka, tsinde n'kutsala. Ndinayenera kupala ndi lezala mpaka pulasitiki yotuwa ya pansi, penti ya Lolemba ikugwera m'mbale pamodzi ndi ndevu. Manja amene anagwira bwino tsiku lija lero anaphonya, ndinadzicheka chala chachikulu, Sista anandimata pulasitala. Ngakhale wailesi ya mkulu wa pakhomo inazimitsidwa. Nditamaliza, msana wa fisi unali ndi mzere wotuwa wokandikakandika kuyambira kumutu.

Amayi Delia analandira mbale ndi manja awiri. Anakhuthulira pakona ya chitenje, anapukuta mbale ndi chala kuti pasatsale kanthu, anamanga mfundo. Kenako anati ndiwaonetse fisiyo pafupi, anayang'ana pakati pa makutu, analoza kamodzi kamene kanatsala. Ndinakachotsa.

Ndinaganiza kuti zatha. A Boyd anali atalowa, ataima kumbuyo kwawo. Anati, "Wachotsa chifukwa wagwidwa. Chimene chinalowa chinalowa kale."

Ndinati, mwina mokweza kuposa mmene ndinafunira, kuti palibe chimene chinalowa, chinthuchi chinapangidwa m'fakitale, ndevu ndi ndevu, zilibe mphamvu pa munthu aliyense.

Amayi Delia anandiyang'ana kumaso, kenako pachibwano.

"Ngati zilibe mphamvu, ikanipo zanu."

Ndevu zanga ndinayamba kuzisunga ndili ku yunivesite. Winnie wandinena nazo zaka zonsezi. Koma si chifukwa chake ndinazengereza. Ndinayang'ana chinthu chija, tsaya long'ambika, maso oyera amene ndinawanyezimiritsa ndekha. Ndikulemba monga zinalili. Sindinafune kuti tsitsi langa likhale pamsana pake. Ndinabadwira kuno ngati iwo.

A Boyd anaona. Anaseka pang'ono ndi m'mphuno. "Mwaona, alamu? Akudziwa chimene anapanga."

Ndinati, "Sista, tibwerekeni sizasi."

Anandimeta amayi Delia okha. Anandiyala chitenje chomwe chija pachifuwa, anadula mosamala monga anachitira ndi amuna awo, dzanja lawo lozizira pansi pa chibwano changa. Atatha sanataye kalikonse, anandipatsa zonse m'dzanja. Ndinasankha timagulu, kadontho ka guluu, n'kuimika kuyambira pakati pa makutu. Zinatenga nthawi. Galimoto ya makala inafika, inaliza hutala kawiri panja pa geti. Ine ndinapitiriza kumata, iwo anapitiriza kuyang'ana.

Nditafika pakati pa msana, amayi Delia anaimirira, anamasula chingwe cha mphasa, anaiyala pansi pa bedi pamalo pake.

"Alamu," anatero a Boyd.

"Mukauze a galimoto apite. Chikadya munthu chidya mwini wake. Ine ndidikira jakisoni."

A Boyd anati zikavuta asadzawaitane. Amayi Delia anati adzawaitana ndithu, ndi m'bale wawo. A Boyd anatuluka osatsanzika.

Lachisanu, 17 Okutobala

Ndagona kwambiri. Chibwano chikuzizira, ndimangochigwira. Atenga magazi.

A Sunday atsegula maso masana, ameza phala masipuni angapo. Sakulankhula. Mkulu wa pakhomo wanditumizira lalanje kudzera mwa mkazi wake. Wafika nalo mpaka pabedi, koma waliika pa bulangete, osati pakabati.

Loweruka, 18 Okutobala

Magazi anga alibe tizirombo. Dokotala akuti ndituluka Lolemba, ndidzabwerenso kudzapimidwa. Ndinamuthokoza. Anadabwa, ndipo sanabise.

Ndakonza penti ya pamsana mmene ndingathere. Zipsera za lezala zikuonekabe, ndazisiya ngati mabala. Ndevu zanga ndi zakuda kwambiri, ndapititsapo burashi youma ya yotuwa. Sizikufika pa za a Sunday. Zawo zinali zabwino kuposa zanga.

Winnie wabwera. Wandiyang'ana kumaso nthawi yaitali, wati ndikufanana ndi malemu atate. Kenako wati bola fisi wachita zimene iye analephera zaka khumi ndi zisanu.

Lamlungu, 19 Okutobala

A Sunday alankhula. Afunsa ngati maukonde awo anawachotsa padzuwa. Amayi Delia anati anachotsa, ngakhale ndikukayika. Kenako anatembenuza mutu, anandiyang'ana, anati, "Bedi ili munali aphunzitsi a ndevu. Anatuluka?" Amayi Delia anati, "Ndi omwewo." 

Dokotala akuti mawa apitiriza jakisoni. Atsala atatu, ndipo ngozi sinathe.

Lolemba, 20 Okutobala

Ndalongedza. Zovala, kapu, kope ili, penti yotsala. Nditatenga fisi kuti ndimuike m'bokosi, amayi Delia anaika dzanja pachivindikiro.

"Ameneyu atsale."

Ndinafunsa chifukwa.

"Mukapita naye ku Jumbe ndidziwa bwanji zimene mwaikapo? Akhale pano pamene ndikumuona. Amuna anga akamaliza mankhwala mudzamutenga."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zambiri. Ndevu zanga, pa fisi, m'manja mwa mayi amene amakhulupirira kuti zimagwira ntchito, ndiponso amene ali ndi chifukwa chondida. Iwo anadikira, ndipo ndikuganiza kuti anadziwa zonse zimene ndimaganiza.

"Ndizisamala," anatero. "Ine tsitsi la munthu sinditaya poyera."

Ndamuika pakabati kawo, pakati pa fulasiki ndi Baibulo, atayang'ana kukhoma. Ndauza Winnie kuti Lachisanu adzadutse kuno pochokera kuntchito. Wandifunsa kuti ndikufuna adzatenge chidole kapena adzaone wodwala. Ndati zonse.

Ndikulemba izi pabenchi ya panja, kudikira minibasi ya ku Jumbe. Pamene ndimatuluka m'wadi, Sista Gladys anali atamanga lamba padzanja la a Sunday, akufuna mtsempha. Amayi Delia anagwira dzanjalo kuti lisasunthe.